Wophunzira akagogoda pa ofesi yanu ndi nkhani ya nkhanza

Zaka zingapo zapitazo, pa koleji ina yomwe ndinkagwirako ntchito, mtsikana wa chaka chachiwiri anagogoda pa ofesi yanga Lachisanu madzulo, anzanga ambiri ataweruka kale. Ananena kuti akufuna kufunsa za malikisi a phunziro lina omwe sanatuluke pamodzi ndi a anzake. Ndinamuloza mpando, koma iye anakhala cham'mphepete, chikwama chili pamiyendo, uku akupindapinda lisiti la fizi lomwe linali m'manja mwake. Nkhani ya malikisi itatha sananyamuke. Patapita kanthawi anafunsa motsitsa mawu kuti, "Madamu, munthu akamakuitanira ku ofesi kwake usiku, iwe n'kumakana, angakulepheretse mayeso?" Ine ndinamuyankha ndi funso: "Koma ukutsimikiza kuti ndi zimene akutanthauza?" Anandiyang'ana, n'kunena kuti mwina ndi iyeyo amene sanamvetse bwino, anathokoza mwaulemu, natuluka. Sanabwerenso ku ofesi yanga mpaka anamaliza maphunziro ake.

Funso limenelo ndinalifunsa popanda mtima woipa, koma mpaka lero limandipweteka, chifukwa mwana uja anabwera kudzayesa ngati pakhomo panga pali potetezeka, ndipo mawu oyamba amene anamva anali omukayikira. Panalibe amene anandiphunzitsapo choti ndinene pa nthawi ngati imeneyo, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa ogwira ntchito m'makoleji ndi m'mayunivesite athu ali momwemo. Timakonda kuganiza kuti nkhani za nkhanza zokhudza kugonana zimayambira ku komiti yosungitsa mwambo kapena kwa mkulu woona za ophunzira, pomwe zoona zake n'zakuti wophunzira amayamba wauza munthu amene wamuzolowera: amatironi a ku hositelo, sekilitale wa dipatimenti, namwino wa pakiliniki ya sukulu, mphunzitsi wachinyamata amene amacheza bwino ndi ophunzira, nthawi zina mlonda wa pageti kapena mayi wosesa m'makalasi. Zimene munthu ameneyu alankhule m'mphindi zochepa zoyambirira ndi zimene zimachititsa kuti nkhaniyo ipite patsogolo kapena ifere pomwepo. Maganizo anga ndi akuti wogwira ntchito amene wauzidwa nkhani yotere ayenera kumvetsera, kumuuza wophunzirayo chilungamo cha kumene nkhani yake ingafike, kumufikitsa msanga kumene kuli chithandizo, kenako n'kulola kuti mwini nkhani asankhe njira yoti itsatidwe, kupatula pa zochitika zochepa zimene ndizitchula.

Malamulo a dziko lino sanasiye nkhaniyi m'malere. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena kuti ndi mlandu kumuchitira munthu zinthu zokhudza kugonana zimene iye sakufuna, kaya ndi mwa mawu, mwa zizindikiro kapena momugwira thupi, ngati munthu woganiza bwino akanadziwa kuti mnzakeyo zimukhumudwitsa, zimuchotsera ulemu kapena zimuopseza. Chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Lamulo lomwelo limafuna kuti olemba anthu ntchito akhale ndi ndondomeko zolandirira ndi kuunikira madandaulo otere, ndipo limanenetsa kuti wochitiridwa nkhanza sakakamizidwa kudikira kuti njira za pamalo a ntchito zithe kaye asanapite kupolisi kapena kukhoti. Mfundo yotsirizayi ndi imene wogwira ntchito aliyense pa koleji ayenera kuidziwa pamtima, chifukwa ophunzira ambiri amauzidwa kuti nkhani ya pasukulu imathera pasukulu pomwepo, zomwe lamulo silinena.

Komabe lamulo lolembedwa bwino silichotsa mantha a mwana amene tsogolo lake lili m'cholembera cha munthu amene akumuvutitsa. Mphunzitsi wa pa koleji ndi amene amachonga mayeso, ndi amene amayang'anira kafukufuku wa chaka chomaliza, ndi amenenso amalemba kalata yomuchitira umboni wophunzira akamafuna ntchito kapena mwayi wopitiriza maphunziro. Wophunzira wochokera kumudzi, amene makolo ake anagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti apeze ndalama yoyendera, amenenso akudalira ngongole ya boma kuti alipire fizi, amadziwa kuti kubwereza chaka kungathetse maphunziro ake onse. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ophunzira amaona okha kuti mphunzitsi wotchuka, wobweretsa ndalama za kafukufuku pasukulu, sakhudzidwa chisawawa. Mu 2019 atolankhani a BBC anajambula mwachinsinsi aphunzitsi ena a University of Lagos ku Nigeria ndi University of Ghana akunyengerera atsikana amene ankawayesa ophunzira, ndipo ambiri amene anaonera kuno kwathu sanadabwe, popeza nkhani za malikisi ogulidwa ndi thupi zimanong'onedwa m'mahositelo athu kuyambira kale. N'chifukwa chake wophunzira sabwera ndi nkhani yonse nthawi imodzi. Amayamba ndi funso la malikisi, kapena amati "mnzanga wina zamuchitikira," kuti aone kaye nkhope ya amene akumuuzayo.

Chinthu choyamba chimene ndikanachita tsiku lija ndikanadziwa ndi kutseka faelo yomwe inali patebulo panga n'kumuuza kuti, "Mwanangu, wachita bwino kubwera, ndipo ndikumvetsera. Koma usanapitirize, ndikuuze kaye zimene ndingathe kusunga ndi zimene sindingathe kusunga." Ambiri mwa ife, pofuna kumukhazika mtima pansi mwana amene akulira, timafulumira kulonjeza kuti zimene anene zithera m'chipinda momwemo. Lonjezo limeneli ndi loopsa ngati malamulo a koleji akutikakamiza kukanena kwa akuluakulu, kapena ngati zimene atiuzezo zikuonetsa kuti moyo wa munthu uli pachiswe. Wophunzira amene walonjezedwa chinsinsi, mawa lake n'kuitanidwa ku ofesi ya akuluakulu kuti akafotokoze nkhani yomwe anainena kwa munthu mmodzi, amamva kuti waperekedwa kachiwiri, ndipo anzake onse a ku hositelo amatolapo phunziro loti asamauze aliyense. Kumuuza malire asanayambe kufotokoza kumamupatsa mpata wosankha kuti anene zonse, anene zina, kapena apite kwa mlangizi kapena namwino amene ntchito yake imamulola kusunga chinsinsi.

Akayamba kufotokoza, wogwira ntchito aletse lilime lake ku mafunso amene tinakula tikuwamva: unavala chiyani, unapitirako chiyani usiku, bwanji sunakuwe, unamwa mowa kodi, bwanji ukunena lero pomwe zinachitika mwezi watha. Mafunso amenewa amamveka ngati ofuna kumvetsa nkhani, koma wochitiridwa nkhanza amawamva ngati chigamulo choti wolakwa ndi iyeyo. Madokotala ndi alangizi amene amathandiza anthu ogwiriridwa amadziwa kuti munthu akagwidwa ndi mantha aakulu thupi limatha kungouma, osatha kukuwa kapena kulimbana, ndiponso kuti pofotokoza pambuyo pake amatha kusokoneza ndondomeko ya zochitika, kuiwala ola koma kukumbukira fungo la m'chipinda kapena mtundu wa nsalu ya pawindo. Kusokoneza kotereku si umboni wa bodza. Mafunso oyenera pa nthawi imeneyi ndi ochepa: ngati ali wotetezeka kumene akagone usiku umenewo, ngati wavulala, kuti zinachitika liti, ndiponso chimene iye akufuna kuti chichitike.

Funso loti zinachitika liti lili ndi chifukwa chake chachipatala, ndipo apa m'pamene kusadziwa kwa wogwira ntchito kumatha kuwononga moyo wa munthu. Ngati wophunzira wagwiriridwa, mankhwala a PEP oteteza ku kachilombo ka HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Mapiritsi olera a pangozi amagwira bwino ntchito akamwedwa msanga, makamaka m'masiku atatu oyamba. Choncho nkhani yomwe yafika Lachisanu madzulo singadikire kuti maofesi atsegulidwe Lolemba, chifukwa pofika Lolemba nthawi ingakhale itadutsa kale. Pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre pali malo a Chikwanekwane, kumene wochitiridwa nkhanza amapeza achipatala, apolisi ndi alangizi pakhomo limodzi, ndipo malo otere alinso m'zipatala zina zikuluzikulu m'dziko muno. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo bungwe la YONECO limayendetsa manambala aulere a 5600 pa nkhani za nkhanza ndi 116 pa nkhani za ana. Chithandizo cha kuchipatala sichiyenera kudikira kalata ya kupolisi, ndipo kupita kuchipatala sikumukakamiza munthu kutsegula mlandu. Ndi bwino kumulangiza kuti ngati angathe asasambe kapena kuchapa zovala asanaonedwe, koma ngati wasamba kale apitebe, popeza mankhwalawo akufunikabe. Amatironi amene akudziwa zimenezi, n'kupeza galimoto usiku womwewo ndi kumuperekeza mwanayo, achita chinthu chachikulu kuposa zonse zimene komiti idzachite pambuyo pake.

Pamene pali mtsutso weniweni ndi pa funso loti wogwira ntchito akanene kwa akuluakulu ngakhale wophunzirayo atakana. Ku United States funsoli lakambidwa kwa zaka zambiri chifukwa cha lamulo la Title IX la 1972, loletsa tsankho la pakati pa amuna ndi akazi m'sukulu zolandira ndalama za boma. Mayunivesite ambiri kumeneko analamula kuti pafupifupi wogwira ntchito aliyense akangomva nkhani yotere azikanena ku ofesi yoona za lamuloli, ndi mayina omwe. Boma la Texas linapitirira pamenepo mu 2019 pokhazikitsa lamulo loti wogwira ntchito pa koleji amene wabisa dala nkhani yotere achotsedwe ntchito ndiponso atha kuimbidwa mlandu. Amene amaikira kumbuyo njira imeneyi ali ndi mfundo yolemera, ndipo ndi kulakwa kuipeputsa. Amatchula za Larry Nassar, dokotala wa osewera pa Michigan State University, yemwe atsikana anayamba kumudandaula za nkhanza zokhudza kugonana kwa owaphunzitsa masewera m'zaka za m'ma 1990, koma anapitiriza kugwira ntchito mpaka 2016. Pomwe ankaweruzidwa mu Januwale 2018, amayi ndi atsikana oposa 150 anafotokoza m'khoti zimene anawachita, ndipo yunivesiteyo inavomera kulipira madola 500 miliyoni. Akanakhala kuti oyamba kuuzidwa aja anakanena ndipo nkhani n'kutengedwa mozama, ana ambiri akanapulumuka.

Ndikuvomereza zonsezi, komabe sindikuona kuti yankho lake ndi kumulanda wophunzira wamkulu ufulu pa nkhani yake. Ambiri mwa atsikana amene anadandaula za Nassar ankafuna kuti wina achitepo kanthu, ndipo cholakwika chinali chakuti sanakhulupiriridwe. Mu 2014 dandaulo lina linafika ndithu ku ofesi yoyenera ya yunivesiteyo, koma ofufuza anamupeza wosalakwa. Kukanena pakokha sikupulumutsa munthu ngati kumene nkhani ikupitako kulibe mtima wofuna chilungamo. Katswiri wa za maganizo a anthu Jennifer Freyd, amene anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa University of Oregon, wakhala akuonetsa kuti bungwe limene munthu amalidalira likamugwiritsa mwala pa nthawi ya nkhanza, bala lake limakula kuposa la nkhanza yokhayo, ndipo iye amatsutsa zokakamiza aliyense kukanena mwini nkhani asakufuna. Mu 2017 yunivesite ya Oregon inasintha ndondomeko yake: akuluakulu ena okha ndi amene anatsala ndi udindo wokanena nthawi zonse, pomwe aphunzitsi ambiri ndi ogwira ntchito ena anapatsidwa udindo womuuza wophunzira njira zonse zimene zilipo, kumufunsa ngati akufuna kuti nkhani ikanenedwe, ndi kukainenadi ngati iye wavomera. Munthu amene wagwiriridwa walandidwa kale ulamuliro pa thupi lake, ndipo sikoyenera kuti amene wathawirako amulandenso ulamuliro pa mawu ake.

Kwathu kuno njira yachiwiriyi ndiyo ndikuiona yoyenera, pa zifukwa zimene aliyense wodziwa makoleji athu angazizindikire. Sukulu zathu ndi zazing'ono moti nkhani ikalowa mu ofesi imodzi m'mawa, pofika masana yafika kale ku kafiteriya, ndipo nthawi zambiri amene akudandaulidwa amakhala mnzake wa amene akuyenera kuweruza, anaphunzira limodzi, amapemphera mpingo umodzi kapena amamwera pamalo amodzi. Chikhulupiriro mwa apolisi nachonso chinavulala ndi zimene zinachitika ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu mu Okutobala 2019, pamene amayi ndi atsikana anachitiridwa nkhanza ndi apolisi, mpaka Khoti Lalikulu mu 2020 linalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipukutamisozi. Wophunzira amene akuzengereza kupita kupolisi ali ndi zifukwa zomveka, ndipo kumukankhira kumeneko asanakonzeke kungangomutsekera pakamwa. Koma ufulu wosankhawu uli ndi malire. Ngati wochitiridwa nkhanzayo sanakwanitse zaka 18, ndi mwana malinga ndi malamulo oyendetsera dziko lino monga anasinthidwira mu 2017, ndipo ena amalowa koleji asanafike msinkhu umenewu, choncho nkhani yake iyenera kukafika kwa oteteza ana. Chimodzimodzi ngati pali kuopsezedwa ndi imfa, kapena wophunzirayo akulankhula zodzipha. Pa zochitika zimenezi wogwira ntchito amuuze maso ndi maso kuti akukanena, kwa ndani, ndi chifukwa chake, osati kuchita mobisa.

Chovuta kwambiri ndi cha mphunzitsi amene dzina lake likumveka kawirikawiri, koma wophunzira aliyense payekha akuopa kudandaula. Apa koleji iyenera kukhala ndi munthu mmodzi wodalirika, wosakhala pansi pa dipatimenti iliyonse yophunzitsa, amene wogwira ntchito angamuuze kuti walandira nkhani yokhudza uje popanda kutchula dzina la wophunzira. Dzina limodzi likamveka kachiwiri ndi kachitatu kuchokera kwa anthu osiyana, koleji imakhala ndi poyambira kuunika machongedwe a munthuyo ndi maola amene amaitanira ophunzira ku ofesi, ndiponso imatha kubwerera kwa aliyense wa ophunzirawo, kudzera mwa amene anamuuza, kukamudziwitsa kuti sali yekha. Ambiri amene amaopa kuima okha amalimba mtima akamva kuti pali anzawo.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka ngati umunthu koma chimawononga, chomwe ndi kufuna kuyanjanitsa. Wogwira ntchito wamva nkhani, ndiye akupita yekha kwa mnzake wodandaulidwayo kukamuuza kuti, "Achimwene, samalani, kamtsikana kaja kayamba kulankhula," kapena akuwaitanitsa onse awiri mu ofesi kuti akambirane ngati banja, wamkulu apepese, mwana akhululuke. Kuchita zimenezi ndi kumupereka wophunzira m'manja mwa munthu amene ali ndi mphamvu pa iye, ndipo kumamupatsa wodandaulidwayo nthawi yofufuta mauthenga, yokonza mboni ndi yoyamba kufalitsa mbiri yoti mtsikanayo ndi wachimasomaso kapena wolephera m'kalasi. Nkhoswe zili ndi malo ake pa mikangano ya anthu ofanana mphamvu amene alakwirana, koma kugwiririra ndi kuopseza munthu ndi malikisi ndi milandu. Kukamba nkhaniyo ndi anzathu pa nthawi ya tiyi, ngakhale mwachisoni, ndi kuulula chinsinsi basi.

Ena amafunsa kuti nanga ngati wophunzirayo akunama, pofuna kubwezera mphunzitsi amene wamulepheretsa mwachilungamo. Zotere zimatheka, ndipo wodandaulidwa aliyense ali ndi ufulu womvedwa mbali yake chigamulo chisanaperekedwe. Koma ufulu umenewo umatetezedwa ndi kafukufuku wochitidwa bwino ndi anthu amene anapatsidwa ntchitoyo, osati ndi sekilitale kapena mlonda amene wadzipatsa yekha udindo wa woweruza pakhomo. Kumuperekeza mwana kuchipatala, kumupezera pogona pena ndi kumuuza kumene angakadandaule sikumumanga munthu aliyense. Ndipotu wogwira ntchito amene walemba bwino zimene wauzidwa, tsiku ndi ola, m'mawu enieni a wophunzirayo, osawonjezera maganizo ake, n'kusunga pepalalo pamalo okhoma, amathandiza mbali zonse ziwiri, chifukwa cholembedwa tsiku loyamba sichisintha ndi mphekesera. Amulangizenso wophunzirayo kuti asafufute mauthenga a pa WhatsApp ngakhale akumunyansa kuwaona, awajambule ndi kuwatumiza kumene angasungike foni itatayika. Ndipo tisaiwale kuti wogogodayo atha kukhala mnyamata, amene manyazi ake ndi owirikiza chifukwa anthu amaseka mwamuna wodandaula zotere, ndiponso kuti wochita nkhanzayo kawirikawiri amakhala wophunzira mnzake, chibwenzi kapena mtsogoleri wa ophunzira.

Zonsezi n'zosatheka ngati koleji imusiya wogwira ntchito wamng'ono yekha. Mayi wosesa amene ali pa kontilakiti ya kampani ina, kapena mphunzitsi wongoyamba kumene amene kukwezedwa kwake kukudalira mkulu yemwe akudandaulidwayo, naye amaopa kutaya ntchito. Lipoti la Malawi Human Rights Commission la mu 2021 lokhudza nkhanza zimene amayi ena ogwira ntchito ku MBC anachitiridwa linaonetsa mmene nkhani zotere zimakhalira zaka zili zokwiriridwa pamene wodandaulidwa ndi bwana. Choncho mabungwe oyendetsa UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST, Mzuzu University, makoleji a aphunzitsi ndi a ntchito zamanja, komanso sukulu zoima pazokha, alembe momveka kuti wogwira ntchito amene wathandiza wophunzira kudandaula sadzalangidwa, ndipo National Council for Higher Education, yomwe imavomereza sukuluzi, izifunsa umboni woti ndondomekozo zikugwiradi ntchito. Maphunziro a momwe tingalandirire nkhani zotere asamathere kwa akuluakulu a madipatimenti m'mahotela a kunyanja, afike kwa alonda, ophika ndi amatironi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'zilankhulo zina zimene iwo amalankhula. Wophunzira akadandaula za mphunzitsi wake, mapepala ake a mayeso azichongedwa ndi munthu wina kuyambira tsiku lomwelo, ndipo ngati ndi woyang'anira kafukufuku wake asinthidwe kafukufuku wa mlandu asanathe. Pa chitseko cha hositelo iliyonse ndi pa kanyumba ka mlonda pakhale pepala lolembedwapo nambala ya munthu amene amayankha foni Lachisanu usiku, dzina la chipatala chapafupi chomwe chili ndi PEP, ndi amene ali ndi makiyi a galimoto ya sukulu.